Bango Louma la Jeremiya

"Iyi si ng'ona," adatero Leonard atanjuta pafupi ndi mtembo pa doko. "Wapha mayiyu ndi munthu, wa miyendo iwiri ngati ine ndi inu. Mukamukwirira chonchi osafufuza, aphanso."

Anthu adangoyang'anana. Wina adatsokomola, wina adaponya maso kutsidya. Dzuwa lidali lisanakwere koma kudali kutatentha kale, ndipo ntchentche zidayamba kutera pa chitenje chimene adafunditsa Priska, mmodzi mwa amayi othawa nkhondo ku Mozambiki amene adamanga misasa kumapeto kwa mudzi.

Clotilda adaima kumbuyo kwa gululo, Lily ali kumsana, ndowa ili m'manja. Mumtima ankapempha kuti mwamuna wakeyo atsitse mawu. Leonard ndiye adali dokotala wa pa kachipatala ka m'deralo, ndipo chilema chake chidali chimodzi: akaona chinthu ankachitchula dzina pagulu.

"Ng'ona ikagwira munthu imasiya mano," adapitiriza Leonard. "Imagudubuzika naye, mafupa n'kuphwanyika ngati nzimbe. Koma taonani mkono uwu. Wadulidwa bwinobwino polumikizira, mmene mumadulira mwendo wa mbuzi. Mnofu wake ngwotuwa, sunakhe magazi. Ndiye kuti wodulayo anadula munthu atafa kale." Adatsitsa chitenje pang'ono, mzere wakuda wozungulira khosi n'kuonekera. "Nanga ichi? Ng'ona ya kuti yoyenda ndi chingwe?"

"Ng'ona za kuno zinapita kusukulu, adokotala," adayankha Jeremiya. "Zina zili ndi JC. Chaka cha mawa zikufuna ntchito kuchipatala kwanu."

Anthu adaseka, ndipo kuseka kwake kudali kwa anthu amene atulidwa katundu pamutu.

Jeremiya adali mdzukulu, mkulu wa anthu okumba manda ndi kukulunga mitembo. Mdzukulu pa maliro saletsedwa kanthu. Akhoza kutukwana akuluakulu, kugwira nkhuku ya ofedwa, kufunsira mkazi wamasiye misozi isanaume, ndipo wokwiya naye ndiye amaoneka wopanda mwambo, pakuti tsiku lake likadzakwana adzamunyamula ndi yemweyo. Jeremiya ankaidziwa ntchitoyi. Adali wamtali, wodekha, wa mawu okoma pa nyimbo za kutchalitchi. Adachokera kumunsi, cha kwa Mbenje, zaka zingapo m'mbuyomo, n'kudzakwatira mlongo wa a Augustino, wapampando wa chipani.

Wofera m'madzi salowa naye m'mudzi. Amaikidwa tsiku lomwelo m'mbali mwa mtsinje, achibale osaona nkhope, omugwira adzukulu okha. Choncho Jeremiya adakankha Leonard pambali mwaulemu, n'kumukulunga Priska mu mphasa. Dzuwa lisanafike paliwombo manda adali atatsekedwa.

Anthu ali pafupi kubalalika, Jeremiya adalowa m'mabango n'kutulukamo ndi bango laliwisi. Bango ndilo muyeso wa adzukulu: akaona mtembo amadula bango, kuligoneka pambali pake, kulidula molingana ndi msinkhu wa womwalirayo, n'kupita nalo kokakumba. Koma Jeremiya adali ndi nthabwala yake yoyeza amoyo. Tsiku limenelo adaliimika pambali pa Evelesi, mnzake wa Clotilda, mayi wamfupi wa pakamwa posaphwa.

"Ima bwino, mlamu. Iwe ndiye sudzativutitsa. Dzenje la mbatata likukwanira."

"Choka apa, fisi iwe!" adakuwa Evelesi uku akuseka. "Ndidzakukwirira ndine!"

Jeremiya adaluma bangolo pamene padalekeza mutu wa Evelesi, n'kulitenga m'khwapa. Clotilda nayenso adaseka. Pambuyo pake ankadzifunsa kuti adaseka chiyani.

Leonard sadalekere pa doko. Adapita kupolisi, adakanena kwa a Augustino, adanenanso pa mzere wa odwala kuti amayi asamapite okha ku mtsinje. Adati Priska sadali woyamba: chaka chatha mayi wina adapezeka chimodzimodzi, ndipo dzinja linalo mtsikana wina. Madzulo ena a Augustino adafika pakhomo ndi ayufi awiri, osavomera mpando.

"Adokotala, boma likuti dziko lino lili pa bata ndi mtendere. Inu mukuti anthu akuphedwa. Wonama ndani?"

"Ine ndikungonena zimene ndinaona pa khosi."

"Ndiye mukanene komweko zimene munaona."

Landirova idabwera sabata yotsatira. Leonard adakwera atavala malaya ake oyera a kuntchito. Adangokwanitsa kunena mawu ochepa: "Undidikire pompano, amake Lily. Ndikatuluka ndidzafikira kuno." Kumene adapita naye palibe amene adamuuza Clotilda.

Nyumba ya boma adamulanda. Clotilda adakakhala m'kanyumba ka udzu kumapeto kwa mudzi, kufupi ndi misasa ya othawa nkhondo. Pa mjigo amayi adayamba kusuntha ndowa zawo iye akafika, kenako ayufi adamuuza poyera kuti madzi a chitukuko si a mkazi wa munthu woukira. Kudatsala ku Shire. Amene sadamutaye adali Evelesi yekha. M'mawa uliwonse ankafika akumenya ndowa ngati ng'oma.

"Tiye, mkazi wa chigawenga! Ng'ona zikutidikira, zapesa kale tsitsi."

Clotilda sadali munthu wogona tulo tabwino. Kuyambira ali kusekondale ankaona tinthu timene anzake sankaona, n'kumadzizunza nato. Tsopano zidanyanya. Pa doko ankayang'ana mapazi pa matope, kumvetsera mabango akagwedera popanda mphepo. Lily akangosiya kulira kumsana ankamugwira mwendo kuti amve ngati ngwotentha. Evelesi ankamuseka kuti maso ake adzatha n'kuyang'ana.

Mvula idabwera, Shire adasefukira n'kubwerera, anthu adayamba kubzala m'madimba. Lachiwiri lina Lily adadzuka thupi likutentha, Clotilda sadapite ku mtsinje. Evelesi adapita yekha. Ndowa yake idapezeka ili chiimire pa doko, yodzaza madzi, nkhata ili pambali. Mwini wake adamupeza asodzi m'mawa mwake, atakodwa m'mabango kumunsi.

Clotilda adathamanga osamanga ndi duku lomwe. Pofika adapeza adzukulu atazungulira kale mtembo, amayi atakhala patali akulira. Jeremiya adali atamufunditsa Evelesi chitenje mpaka pa chibwano, n'kuchimanga ndi luzi. Mkono umodzi padalibe.

"Ng'ona yomweyi," anthu ankanong'onezana. "Yalawa munthu, siisiya."

"Njoweta imeneyi. Pali amene akuituma."

Clotilda adakhala pakati pa amayiwo, koma maso ake sadalire. Ankayang'ana. Leonard ankakonda kumuuza pa chakudya kuti munthu wakufa sanama, onama ndi omuzungulira, ndiye uziyang'ana manja a amoyo. Choncho iye adayang'ana manja a Jeremiya.

Jeremiya sadalowe m'mabango. Mabango adali pomwepo, aawisi, akumukhudza pamapewa, koma iye adatola bango limene adabwera nalo kuchokera kunyumba. Lidali louma, lachikasu. Adaligoneka pambali pa mtembo, ndipo lidakwana ndendende, kuchokera ku chidendene mpaka pa liwombo. Mpeni sudatuluke m'thumba. Adangolipereka kwa anyamata okumba, nati, "Yambanipo."

Anyamatawo adadutsa nalo pafupi ndi pamene adakhala Clotilda. Podulapo padali pakuda, pouma kalekale, ndipo m'mphepete mwake mudali timabowo ta mano.

Clotilda adawerenga masiku. Evelesi adasowa dzulo. Bango silingaume usiku umodzi. Limeneli lidadulidwa pa maliro a Priska, mwini msinkhu ali moyo, akuseka. Adayesa kukumbukira bango limene lidayeza Priska. Kodi lidali laliwisi? M'maso mwake lidabwera lachikasu, koma sadathe kulumbira. Adakumbukira chinthu china: pa maliro a nkhalamba ina chaka chatha, amayi a ku misasa adabwera kudzathandiza kutunga madzi, ndipo Jeremiya adamuyeza Priska anthu akuwomba m'manja.

Manda adatsekedwa. Amayi adadzuka, kukutumula zitenje. Clotilda adanyamuka kuti azembe. Adamva mabango akuthyoka. Jeremiya adatulukamo akusadza masamba a bango laliwisi ndi chala chachikulu, akuyang'ana amayi mmodzimmodzi ngati munthu wosankha nsomba pa msika.

"Amayi adokotala! Inu sitinakuyezeni chibwerere. Anthu ophunzira amavuta, amafuna manda a makona."

"Ndisiyeni, a Jeremiya."

"Iii, mwamva? Akuti ndisiyeni. Imfa nayo mudzaiuza Chingerezi?"

Anthu adaseka, ngakhale ena ofedwa adamwetulira m'misozi. Mayi wina adamukankha Clotilda pamsana mwachikondi, koyamba chitengedwere Leonard. "Imani, inu. Mdzukulu sakanizidwa."

Bango lidamukhudza pa phewa. Lidali lozizira, lonunkha matope. Jeremiya adayandikira mpaka Clotilda adamva fungo la sopo pa malaya ake. Adayang'ana pa liwombo pake, n'kuluma bangolo pang'onopang'ono. Kenako adagwira tsaya la Lily ndi chala.

"Za kamwanaka musadandaule," adatero motsitsa. "Tidzalera."

Bangolo sadalitaye. Adalitenga m'khwapa.

Masana omwewo Clotilda adayenda ulendo wa ku polisi. Sadalowe mu ofesi. Adadikira pansi pa mtengo wa nimu mpaka adatuluka Paulo, wapolisi amene mwana wake adachiritsidwa chikuku ndi Leonard. Paulo atamuona adayang'ana uku ndi uku, n'kubwera ngati akudzangotaya madzi.

Clotilda adafotokoza zonse mothamanga, mawu akupunthwa: khosi la Priska, bango louma, mano podulapo, bango lake la lero.

"Mayi," adatero Paulo, "bango m'Shire muno ndi la aliyense. Munthu akhoza kutola louma."

"Lokwana ndendende? Osadula?"

"Ndi mdzukulu. Diso lake linazolowera."

"Ndiye kafukuleni mtembo muone pa khosi. Sunawole, waikidwa lero lomwe."

"Kufukula mtembo kumafuna chilolezo cha ku boma. Wopempha ndani? Mkazi wa munthu amene ali m'ndende chifukwa cha nkhani yomweyi? Ndipo womunenayo ndi mlamu wa apampando." Adapukuta thukuta ndi chipewa. "Ife tinalemba kale kuti ng'ona. Alenje a boma abwera mwezi wa mawa, adzawombera ziwiri zitatu, anthu adzadya nyama, nkhani idzatha."

"Nanga ine?"

Paulo adayang'ana Lily, kenako nsapato zake. "Musamapite nokha ku mtsinje."

"Ndizipita ndi yani, bambo? Amene ndinkapita naye ndi amene takwirira."

"Ine ndili ndi ana, mayi. Lero sindinakuoneni."

Pobwerera adadzera ku nyumba ya siwa. Mayi Otilia, amake Evelesi, adali atakhala pa mphasa kuseri kwa nkhokwe, maso atatupa. Clotilda adagwada pafupi, n'kunong'ona zomwezo. Mayiwo adamvetsera mpaka kumapeto osaphethira.

"Nkhabe," adakana. "Mwana wanga wadyedwa ndi ng'ona."

"Amayi, ndinaona ndi maso angawa."

"Ndati ng'ona. Ng'ona ndi chilombo cha Mulungu, sidziwa kanthu, munthu ukhoza kulira n'kuleka. Iwe ukufuna ndizigona ndikudziwa kuti amene wamukulunga mwana wanga ndi manja ake ndi amene... Ndipo ine adzandikulunga ndani? Mwamuna wako anayankhula, ali kuti? Usandichotsere ndi ng'ona yomwe, mwanawe. Pita."

Pa mtondo, mng'ono wake wa Evelesi, namwali wa msinkhu wokwatiwa, ankasinja mapira a anthu a pa maliro. Clotilda adamugwira mkono. "A Jeremiya akadzafuna kukuyeza ndi bango, udzathawe. Wamva?"

Mtsikanayo adachotsa mkono wake. "Inu, amake Lily, mutu wayamba kukuvutani. Aja amangocheza."

Njira ya ku kanyumba kake inkadutsa kuseri kwa nyumba ya Jeremiya. Ina padalibe, kupatula ya m'mabango. Dzuwa lidali litapendeka. Jeremiya adakhala pa khonde, atakwinya buluku mpaka m'maondo, akupota chingwe cha khonje pa ntchafu. Mkazi wake ankakazinga nsomba za makakana m'khitchini. Clotilda adafuna kuyang'ana pansi, koma maso ake adali asadamumverepo chiyambire. Adakwera okha ku tsindwi la khitchini. Bango lija lidali pamenepo, litasomekedwa mu udzu pamwamba pa utsi, pamene chinthu chimauma msanga. Lidali litadulidwa kale.

"Amake Lily," adaitana Jeremiya mokoma, dzanja osaleka kupota. "Mwaswera bwanji? Mwayenda ulendo lero. Mapazi afumbi chonchi, ngati ochokera ku boma."

"Ndinapita kukafuna mankhwala a mwana."

"Pepani. Adokotala kulibe, tonse tikuvutika." Adakoka chingwe kuyesa kulimba kwake. "Tsono madzi muzitunga ndi yani? Mukaona pa doko pali anthu okunyozani, pitani la kumunsi. Kuli phee, madzi ake ngoyera."

"Zikomo, bambo."

"Takhuta ndife. Mundipsompsonere kamwanako."

Clotilda adayenda osathamanga mpaka atakhota pa mlambe. Atafika adatseka chitseko cha bango, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, kuona mmene kuwala kunkalowera m'mipata yake. Lily adalira ludzu. Clotilda adapendeketsa mtsuko, madzi adangokwana theka la chikho. Adammwetsa mwanayo, otsala adanyowetsa nawo milomo yake.

Adakhala pa mphasa, mtsuko wopanda kanthu uli patsogolo pake. Mawa ankayenera kutunga. Akapanda mawa, mkuja. Ku mjigo adamuletsa, woperekeza adamukwirira, wapolisi sadamuone. Mwina Jeremiya akadadikira bango liume, miyezi ingapo, monga adachitira ndi Evelesi. Mwinanso ayi, popeza mapazi afumbi adawaona. Ndipo tsiku limenelo anthu adzapeza ndowa ili chiimire, adzati ng'ona, adzaseka nthabwala za mdzukulu, Lily n'kukulira pa khonde lija, akusewera ndi khonje.

Undidikire pompano. Mawu a Leonard adamubwerera ndi malaya ake oyera. Akadzatuluka, ngati n'kutuluka, adzatsika basi pa msewu waukulu, kuyenda mpaka kuno, n'kupeza kanyumba katagwa. Clotilda sakadasiya uthenga kwa aliyense. Mawu osiyidwa m'mudzi uno amagona kwa apampando, m'mawa n'kudzuka ali kwa mlamu wawo. Kwawo kwa Clotilda kudalinso kwa Mbenje, koma sakadapitako, pakuti Jeremiya njira za kumeneko ankazidziwa, ndipo tsopano Clotilda adayamba kukumbukira ng'ona za kumeneko, za masiku amene iye adali kusukulu, zimene zinkagwira akazi okhaokha. Kudatsala kumtunda, ku Blantyre, kumene azakhali ake ankagulitsa makala, ngati adali asadasamuke.

Kunja kudayamba kuchita mdima, udzudzu udayamba nyimbo yake. Ku nyumba ya siwa amayi adayamba kuyimba za maliro, ndipo pakati pawo padamveka mawu a Jeremiya, okoma kuposa onse. Munsi wa mtsikana uja udali ukugundabe mu mtondo. Clotilda adaumvetsera. Adadziwa kuti iye akachoka bango lake lidzangotayidwa pamoto, ndipo m'Shire mabango sadzatha.

Adayala chitenje pansi. Adaikapo malaya a Lily, khadi la chipani la pa zipata za m'njira, kapu, ndi malaya ena oyera a Leonard. Ndowa adaiyang'ana, n'kuisiya pamene idali. Adamanga mfundo, n'kukhala pansi atatsamira khoma, mwana ali pa miyendo, nkhope italoza ku chitseko. Tambala woyamba asanalire adzakhala atadutsa minda ya thonje, ndipo dzuwa lidzamupeza pa msewu waukulu.